Malaki musamuyambire pa chaputala 3

Adzukulu anga, mwandifunsa kuti poti abusa ena masiku ano Sande iliyonse ndi Malaki 3:10 basi, chakhumi chakhumi, pomwe iwowo makhalidwe awo akukayikitsa, kodi n'kulakwa kungosiya tchalitchi n'kumapemphera kunyumba. Funsoli ndi lomveka ndithu, sindikudzudzulani ayi. Koma bukuli tiliyambire koyambirira.

Malaki ankalankhula Ayuda atabwerako kale ku ukapolo ku Babulo, kachisi atamangidwanso ku Yerusalemu cha m'ma 516 Yesu asanabadwe, dziko lili m'manja mwa Aperisi. Ndipo oyamba kudzudzulidwa m'bukumo ndi ansembe. Mulungu akuwafunsa kuti mwana amalemekeza bambo ake, wantchito amaopa bwana wake, nanga ine ulemu wanga uli kuti? Anthu amabwera ndi nkhosa zakhungu, zotsimphina, zodwala, ansembe n'kumalandira n'kukapereka paguwa ngati palibe vuto, chonsecho lamulo la pa Levitiko 22 linakaniziratu chiweto chachilema. Ndiye akuti tapitani nazo kwa bwanamkubwa wanu tione ngati akasangalale nanu. Inunso mukudziwa, kwa amfumu munthu sapita ndi nkhuku ya chitopa. Mpaka Mulungu anafika ponena kuti bola wina atseke zitseko za kachisi kusiyana n'kumasonkha moto paguwa pachabe, mawu amenewa ine amandiopsa kwambiri.

Pa chaputala 2 m'pamene pali pangano la Levi, fuko lomwe ansembe ankachokera. Linali pangano la moyo ndi mtendere, mbali ya Levi inali kuopa Mulungu, kuphunzitsa zoona komanso kubweza anthu ambiri ku zoipa. Milomo ya wansembe imayenera kusunga nzeru chifukwa iye ndi mthenga wa Yehova. Koma a nthawi ya Malaki anapatuka, ambiri anapunthwa ndi chiphunzitso chawo, malamulo akugamula moyang'ana nkhope. Ndiye zomwe zikukupwetekani mtimazi Mulungu anaziona kalekale ndipo sanazisekerere.

Komatu nkhosa zodwalazo zinkachokera m'makola a anthu wamba, eti? Yabwino isiye m'khola, yofooka kwa Mulungu. Pa Nehemiya 13 mupezanso kuti Alevi atasiya kupatsidwa gawo lawo anathawira kuminda kwawo ndipo nyumba ya Mulungu inasiyidwa. Apa ndiye pandikhudza ine ndi inu tonse. Mumafika m'tchalitchi ulaliki uli pakati, mutu uli pa foni, wakwaya aimba bwino Sande koma Loweruka usiku anali kwina, chopereka n'chenje chotsala pa bando ya intaneti. Zoperewera za abusa sizichotsa mantha omwe inu muyenera kukhala nawo pa Mulungu.

Ndiye kusiya kusonkhana ndi anzanu ine sindikuvomereza. Mbusa muzimulemekeza, pomulankhula mawu azikhala aulemu, koma musamuope ngati Mulungu, zomwe akuphunzitsa muziziyesa ndi Baibulo lomwe muli nalo m'manjamo. Ngati pali zolakwika zooneka, kaya ndalama za mpingo sizikumveka kaya olemera okha ndi amene akuyenderedwa akadwala, musakanyoze pa Facebook, pitani awiri kapena atatu kwa akulu a mpingo mukafotokoze bwinobwino. Akakana kumva mpaka kalekale, kusamukira mpingo wina wophunzitsa zoona si tchimo, bola mutsanzike mwaulemu.