Wakabaza wagunda amayi pa Kamuzu Road, abale ake akuti tithane zapachibale: yankho langa

Sabata yathayi ndalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Salima, dzina sinditchula. Akuti mayi awo amagulitsa tomato ndi anyezi cha pa Kamuzu Road, ndiye tsiku lina madzulo akuwoloka msewu beseni lili pamutu, njinga yamoto ya kabaza inawagunda mpaka mwendo wakumanzere kuthyoka. Anagonekedwa masiku anayi, pano ali kunyumba ndi chikhakha. Mnyamatayo sanathawe, anathandiza nawo kuwanyamula, koma abale ake abwera kawiri ndi K60,000 akuti zakupolisi zisiyeni tithane zapachibale. Funso lawo ndi loti tilandire kodi, nanga tikakana tiyambire pati?

Achemwali pepani kwambiri, amayi muwapatse moni. Ndiyambe ndi zandalamazo. Ngati akupereka ngati chipepeso, yoti amayi agulire panado ndi kulipira thiransipoti yakuchipatala, landirani palibe cholakwa, koma mulembe penapake kuti tsiku lakuti talandira zakuti zothandizira kuchipatala, basi. Chimene ndikukanizani ine ndi kusaina kapena kudinda chala pa pepala lonena kuti nkhani yatha. Mwendo uli m'chikhakha sunanene mtengo wake.

Izi ndinaziona ndi maso kwathu ku Nkhotakota. Msuweni wanga anagundidwa cha ku Dwangwa akuchokera kumunda, mabanja anakhala pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe mbali zonse, mwini njinga anabweretsa thumba la mpunga ndi kandalama, anang'amba pepala pakati pa kope la mwana wasukulu nkulemba kuti "nkhani yathera pano", aliyense anasaina mpaka kuombera m'manja. Patatha miyezi itatu fupa silinagwirane, anatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukaikidwa chitsulo, ndiye muwerengere nokha thiransipoti ya anthu awiri, chakudya cha wodikirira, chaka chonse osagwira khasu. Titabwerera kwa mwini njinga uja anangolowa m'nyumba nkutulutsa kapepala kaja atakapinda bwinobwino m'jumbo. Loya wina anadzatiuza kuti pepala lotere nthawi zina limatheka kulitsutsa kukhothi, koma ndi nkhondo ina yapadera yomwe tikanaipewa.

Ndiye choyamba pitani kupolisi ya Salima, ofesi ya atrafiki. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limati woyendetsa akachita ngozi yovulaza munthu aime, athandize komanso akanene kupolisi msanga, koma inu musadalire kuti mnyamatayo anakanena, pitani nokha. Tengani nambala ya njinga, dzina la woyendetsa, ndi anthu awiri kapena atatu omwe anaona, kaya ndi amayi anzawo a pamsikapo, mulembe manambala awo a foni lero lomwe chifukwa mavenda amasamuka ndipo anthu amaiwala. Apolisi akafufuza amatulutsa lipoti, mumalipira kandalama ndipo mufunse lisiti. Lipoti limeneli ndiye msana wa nkhani yonse, limanena tsiku, malo, amene apolisi amuona kuti analakwitsa, mwini njinga, komanso ngati njingayo ili ndi inshuwaransi ndi kampani yake.

Pepala lachiwiri ndi lipoti lakuchipatala. Buku la kuchipatala lija lisasowe, chithunzi cha X-ray chisanyowe, koma kupatula zimenezo pamafunika lipoti lolembedwa ndi dokotala kapena kiliniko ofesala lofotokoza kuti anavulala pati, anathandizidwa bwanji, ndipo chilema chotsalira ndi maperesenti angati. Maperesentiwo amaoneka bwino chikhakha chikachoka, ndiye musathamangire. Jambulani mwendowo pafoni pano komanso mabala akapola. Malisiti onse a ku famase sungani m'envulopu imodzi, ndipo za minibasi ndi kabaza zomwe sapereka lisiti muzilemba m'kope, tsiku ndi ndalama. Mulembenso kuti amayi amapeza zingati patsiku pa tomato wawo, ngati ali ku banki m'khonde buku lakumeneko lithandiza kuonetsa kuti geni inkayenda.

Tsopano apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndipo ndichedwapo pang'ono. Ngozi imodzi imabala milandu iwiri. Woyamba ndi wa boma, apolisi amamutsegulira woyendetsa mlandu woyendetsa mosasamala, wopanda laisensi, wopanda inshuwaransi, zoterozo. Akalipitsidwa chindapusa ndalamayo imapita ku boma, siibwera kwa amayi ayi. Nthawi zina majisitireti amatha kulamula kuti wolakwa apereke kenakake kwa wovulala, koma musaike mtima pamenepo. Anthu amabwera kuchokera kukhothi akudandaula kuti "wangolipira faini nkumapita, ife osapatsidwa kanthu", eya, chifukwa mlandu umenewo sunali wanu, inu munali mboni chabe. Wanu ndi wachiwiriwu, wofuna chipukuta misozi, ndipo umenewu palibe wapolisi amene angakuyambitsireni, mumayambitsa nokha. Komabe woyamba uja umathandiza, munthu akavomera kulakwa kapena kulipira faini zimakhala zovuta kuti mawa adzanene kuti amayi ndi amene anadziponya panjinga.

Nanga olipira ndani? Lamulo limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu, njinga yamoto ili momwemo, ikhale ndi inshuwaransi yoteteza anthu ena, ija amati third party. Ngati njingayi ili nayo mwachita mwayi, chifukwa lamulo lomwelo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwaransi mwachindunji. Mumalemba kalata yofuna chipukuta misozi, kuphatikiza mafotokope a malipoti awiri aja, iwo amayankha ndi ndalama yomwe akuganiza. Ndalama yoyamba imene angatchule si lamulo, mutha kukana. Dziwaninso kuti inshuwaransi imakhala ndi malire, kampani imalipira kufika pamenepo, zotsala zimagwera mwini njinga ndi woyendetsa. Kampani ikamangokuzunguzani, dandaulo limapita ku Reserve Bank, chifukwa ndi kumene kuli woyang'anira makampani a inshuwaransi.

Koma tinene zoona, tonse timayenda pa M5 ndipo timaziona njinga za pa Kaphatenga, za ku Senga Bay, za ku Khombedza, zambiri ngakhale nambala kumbuyo zilibe, ndiye inshuwaransi ichokera kuti. Ikakhala ilibe, ufulu wanu sunathe, kungoti thumba lolipira lachepa. Apa funso lalikulu ndi loti njingayo ndi yandani. Anyamata ambiri a kabaza njinga si zawo, amapereka ndalama kwa bwana madzulo aliwonse kapena pasabata, ndipo bwanayo mwina ndi mphunzitsi, wagolosale kapena wogwira ntchito m'boma. Ngati mnyamatayo amagwirira ntchito mwini njinga ndipo ngozi inachitika ali pantchitoyo, mwini njinga nayenso amayankha mlandu. Bwana adzakana ndithu, adzati ndinangomubwereketsa, ndiye fufuzani pa siteji, tcheyamani wa kabaza amadziwa njinga iliyonse mwini wake, ndipo ngati inalembetsedwa ku Road Traffic dzina lili mu kompyuta. Ine ndikukayikira kuti K60,000 ija yachokera kwa mnyamatayo, mwina yachokera kwa munthu amene sakufuna dzina lake lifike kupolisi.

Khothi likamawerengera silingoona ndalama zakuchipatala zokha. Limaona ululu ndi kuzunzika, limaona zinthu zomwe munthu sangathenso kuchita monga kuyenda mtunda, kulima, kusenza beseni, limaona zipsera ndi kupunduka, ndalama zomwe geni yataya ndi zomwe idzataye mtsogolo, kenako zomwe mwawononga zokhala ndi umboni, ndi ndalama za malipoti zomwe. Ku High Court oweruza akagamula kuti wolakwa ndi uyu, nthawi zambiri kuwerengera ndalamako amachita ndi a Registrar, mkulu wina wa pakhothipo, poyerekeza ndi milandu ina ya kuvulala kofanana. Mbali inayo ikhoza kunena kuti amayi nawonso anawoloka osayang'ana, khothi likavomereza limadula gawo la ndalamayo, silichotsa yonse.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma uwu wokha umaola. Mlandu wa kuvulala umafunika kukafika kukhothi pasanathe zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi, ndipo mwayi wosumira kampani ya inshuwaransi mwachindunji ndi wa zaka 2 zokha. Zikuoneka ngati nthawi yambiri eti, koma "bwerani mwezi wamawa" khumi ndi awiri ndi chaka chathunthu.

Za loya. Ngati ndalama palibe, kuli a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, ku khothi la majisitireti pa boma pomwepo akalaliki akulozerani kopita. Mukasankha loya woima payekha, onetsetsani kuti ndi loya weniweni wodziwika ku Malawi Law Society, ndipo mugwirizane molemba kuti adzatengapo zingati. Chenjerani ndi anyamata ovala bwino omwe amazungulira m'mawodi ndi mafomu akuti saina apa tikuthandiza, ena amakatenga ndalama ya wovulala mwiniwake osadziwa nkomwe kuti inatuluka. Amayi asapereke chiphaso chawo cha unzika kwa munthu wotero.

Kukambirana sindikukutsutsa ayi, ndipo pomwe palibe inshuwaransi nthawi zina kumaposa khothi, chifukwa chigamulo cha mamiliyoni pa mnyamata wogona m'nyumba ya lendi ndi pepala chabe, masherifu akapita akalanda chiyani, mphasa? Kungoti kambiranani malipoti awiri aja ali m'manja, mwini njinga weniweni ali pompo, adokotala atanena za mwendo. Mulembe ndalama yonse, masiku olipira, mboni zisaine, amfumu adindepo, ndipo ndalama zizidzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni uzikhala mufoni. Muikemonso mzere wonena kuti mwendo ukadzafuna opaleshoni adzalipira, komanso kuti akaphonya mwezi muli ndi ufulu wopita kukhothi.

Ndiye abale aja akabweranso alandireni bwino, mpando apatseni, mnyamatayo poti sanathawe ndi munthu ndithu. Muwauze kuti tiyankha amayi akachotsa chikhakha. Lolemba mulawirire kwa atrafiki, ndipo lipoti likatuluka mundilembere zomwe alemba pa mzere wa mwini njinga ndi wa inshuwaransi, tidzaone kalata yoyamba ipite kwa ndani.