Chowala kumadzulocho ndi Venus

Achimwene, chimene mukuona kumadzulo dzuwa likangolowa si setilaiti ayi. Ndi pulaneti ya Venus, yomwe ija timaitcha Nthanda ikamatuluka mbandakucha. Setilaiti imayenda moonekeratu, m'mphindi zochepa yadutsa thambo.

Venus satalikirana ndi dzuwa kuposa madigiri pafupifupi 47, choncho chowala kwambiri chosaphethira chimene chili pamutu pakati pa usiku nthawi zambiri chimakhala pulaneti ya Jupiter. Pezani mabainokyula a 10x50 (okulitsa zinthu ka 10, a magalasi a mamilimita 50), zigongono muzitsamiritse pakhoma, apo ayi zonse zingogwedera. Mukaloza Jupiter mudzaona timadontho mpaka tinayi tili pamzere, miyezi yake imene Galileo, katswiri wa zakuthambo, anaiona mu 1610. Mphete za pulaneti ya Saturn zokha zimafuna telesikopu.

Kuno ku Mulanje vuto ndi phirili. Muli ku Likhubula limakutchingirani kum'mawa, ndiye Nthanda mudzaiona mochedwa. Juni ndi Julayi dikirani chiperoni chithe kaye. Okutobala utsi wa moto wolusa umadetsa m'munsi mwa thambo.

Musaloze mabainokyula kumadzulo dzuwa lisanalowe lonse. Likakuthwanimirani m'maso kudzera m'magalasiwo n'kuyamba kuona kadontho kosachoka, thamangirani kwa dokotala wa maso tsiku lomwelo.