Tifunseni za Maluwa: Gardenia Akachita Chikasu

FUNSO: Ndinadzala gardenia pafupi ndi khonde chaka chatha. Masamba atsopano akutuluka achikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira. Ndimathirira madzi a pamjigo, ndipo ndimawazapo phulusa poopa chiswe. Ndalakwitsa pati?
Mayi wa ku Kawale, Lilongwe

YANKHO: Mayi, phulusalo musiye lero lomwe. Gardenia kwawo ndi ku China ndi ku Japan, ndipo ndi wa banja limodzi ndi khofi. Amafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) pakati pa 5 ndi 6, longa lomwe tiyi amakondwa nalo ku Thyolo ndi ku Mulanje. Phulusa limagwira ntchito ngati laimu, limapha asidi m'dothi. Zikatero ayironi, mchere wam'dothi wothandiza masamba kubiriwira, amakhalamo ndithu, koma mizu imalephera kumuyamwa, n'chifukwa chake masamba anthete akuyezuka chonchi. Khondelo nalonso tikulikayikira, poti amisiri akamaliza kumanga amakonda kukwirira zotsala za simenti m'mbali mwa nyumba. Madzi a mijigo ina alinso ndi laimu wambiri.

Palani phulusalo ndi manja, osati ndi khasu, chifukwa mizu ya gardenia imayenda pamwamba penipeni. Fukulani pang'ono chapatali muone ngati muli zibuma za simenti. Mukazipeza, dikirani mvula ikhazikike mu Disembala musamutse mtengowo ndi dothi lake la kumizu. Dzenje likhale masentimita 50 mulifupi ndi 50 kuya, dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa owolerana bwino, theka ndi theka. Malo abwino ndi ofika dzuwa la m'mawa koma amthunzi masana.

Ngati simukusamutsa, wazani supuni yaikulu imodzi ya feteleza wa sulphate of ammonia mozungulira, kutali ndi tsinde, kenaka thirirani kwambiri. Chitani zimenezi kamodzi pa miyezi iwiri, kuyambira Seputembala mpaka Malichi. CAN musamudalire pa vuto ili, muli laimu. Mankhwala a ayironi otchedwa iron chelate a m'masitolo a zaulimi amabweza msipu msanga, koma dothi likakhala lomwelo chikasu chimabwereranso. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Akasowa, thirani supuni yaikulu imodzi ya viniga m'malita 5 a madzi a mjigowo kamodzi pamwezi. Madzi ochapira zovala ayi. Pamwamba phimbirani ndi masamba ouma a paini, kusiya mpata wa zala zinayi kuzungulira tsinde kuti chiswe chisapeze poyambira.

Dziwaninso kuti akakhala masamba akale am'munsi amene akuchita chikasu n'kumathothoka, kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Pisani chala m'dothi: mukamva chinyezi, musathirire.

FUNSO: Masamba a gardenia wanga ada ngati apakidwa mwaye, ndipo nyerere sizichoka pamtengo. Ndi matenda anji?
Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Bambo, tembenuzani tsamba muone kunsi kwake. Mupeza nsabwe za zomera, kapena tizilombo tomata tonga nkhanambo. Timeneti timayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa zotsekemera zomwe nyerere zikulondola, ndipo chakudacho ndi nkhungu yomera pa zotsekemerazo. Sakanizani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale ndi ina ya mafuta ophikira mu lita imodzi ya madzi, khutchumulani, mupopere kunsi kwa masamba madzulo dzuwa litapepa. Mukapopera masana masamba amapsa. Bwerezani kamodzi pa sabata kwa masabata atatu. Mwayewo pukutani ndi kansalu konyowa.

FUNSO: Mnzanga wandilola kudula nthambi pa gardenia wake. Ndingatani kuti zigwire?
Wowerenga wa ku Mzuzu

YANKHO: Dulani maluwa akangotha, yomwenso ndi nthawi yoyenera kudulira mtengowo. Sankhani nsonga zomwe zayamba kukhwima koma zikupindikabe, zotalika masentimita 10 mpaka 15, mudule m'munsi mwa mfundo ndi mpeni wakuthwa. Chotsani masamba onse kusiya awiri kapena anayi akunsonga. Zikani theka la kanthambiko m'chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa pang'ono, thirirani, muvindikire ndi pepala lapulasitiki loonekera mkati, muike pamthunzi. Mizu imatuluka pakatha masabata 4 mpaka 8. Dulani zisanu kapena zisanu n'imodzi, chifukwa zina zimaola, ndipo musamazizule kuti muone ngati zagwira. Tsamba latsopano likaphuka, muzivundukula pepala lija pang'onopang'ono kwa sabata imodzi musanazitulutse padzuwa.