"Mwana wanga akuti mowa umamudziwa": yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lilongwe. Anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo, ndipo sinditero. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Loweruka lina usiku anzake awiri anafika naye pakhomo atamunyamula, malaya ali masanzi okhaokha, bondo likuchucha magazi chifukwa anagwa pa njinga yamoto imene anabwereka kwa mnyamata wina wa kabaza. Kutacha mayiwo atamufunsa uku akulira, mwanayo anangoti: "Amayi musadandaule, ine mowa umandidziwa. Amafa ndi mowa ndi ofooka." Ndiye funso lawo ndi ili: "Kodi mwana ameneyu alibe mantha chifukwa chiyani? Malume ake anapita ndi matenda a chiwindi iye akuona, pamaliro analipo. Ndimukwapule, ndimutumize kumudzi, kapena nditani?"

Mayi, pepani kwambiri. Imelo yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo ndakhala nayo mumtima masiku onsewa chifukwa inandikumbutsa usiku wina umene sindiuiwala.

Tinali titangomaliza mayeso a MSCE. Anyamata asanu tinasonkherana ndalama n'kugula kachasu, tinakakhala kuseri kwa chigayo chakale. Mnzathu wina, mwana wofatsa amene ankaimba kwaya kutchalitchi, ananena kuti akhoza kumaliza botolo lonse osaliika pansi. Palibe amene anamuletsa. Tinayamba kuwomba m'manja n'kumamuchemerera, ine ndemwe mawu anga anali pamwamba. Anapapira mpaka dontho lomaliza, anaimirira, anavina pang'ono, kenako miyendo inakana. Tinamukwakwaza mpaka kwawo, tinamugoneka chagada m'khitchini pamphasa kuti makolo ake asadziwe, ife n'kubalalika. Amene anamupulumutsa ndi mlongo wake, amene anadzuka usiku n'kumva kaphokoso kachilendo ngati munthu akukhosomolera m'madzi. Anamupeza masanzi atadzaza m'kamwa, thupi lili zii, milomo itada. Anamutembenuza chammbali, anakuwa, anthu anathamanga naye kuchipatala. Anakhala moyo, koma panangotsala pang'onong'ono.

Tonse asanu tinkadziwa kuti kachasu amapha. M'mudzi mwathu tinali titaikapo anthu chifukwa cha kachasu yemweyo. Mukanatifunsa masana a tsiku limenelo aliyense payekha, tikanakuyankhani bwinobwino ngati aphunzitsi. Nzeru zimenezo zinalipo, koma kuseri kwa chigayo kuja sizinafike. Apa ndi pamene pagona yankho langa kwa inu: mwana wanu si mbuli, ndipo sindikhulupirira kuti alibe mantha. Kuopsa kwa mowa akukudziwa. Vuto ndi lakuti zimene akudziwazo sizimugwira dzanja pamene ali pakati pa anzake botolo likuzungulira.

Mu 1967 katswiri wa maganizo a ana wa ku America, David Elkind, analemba kuti wachinyamata amadziona ngati munthu wapadera, amene zogwera ena sizingamugwere, komanso amakhala ngati ali pabwalo pamene aliyense akumuyang'ana. Mawu a mwana wanu akuti "mowa umandidziwa" akukwanira ndendende pamenepo. Koma kafukufuku amene anabwera pambuyo pake, makamaka wa Baruch Fischhoff ndi anzake, anapeza chinthu chodabwitsa: mukawafunsa achinyamata ali phee, sadziona ngati osafa kuposa mmene akuluakulu timadzionera. Ambiri amafika poganiza kuti mpata woti afe ali aang'ono ndi waukulu kuposa mmene ulilidi. Choncho mawu aja ndi chishango chabe. Amawanena pofuna kutseka nkhani, ndiponso kubisa manyazi a munthu amene wanyamulidwa ngati thumba la chimanga.

Nanga chimachitika n'chiyani? Ubongo sukhwima nthawi imodzi. Mbali imene imalakalaka chisangalalo, zachilendo ndi kutamandidwa imadzuka mwamphamvu mwana akangotha msinkhu. Mbali yakutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imati "taima kaye, mawa zidzatha bwanji?", imapitiriza kukula mpaka munthu atayandikira zaka 25. Zili ngati galimoto imene yaikidwa injini yamphamvu mabuleki asanamangidwe bwino. Ndiyeno mowa ukalowa, umayambira kufooketsa mabuleki omwewo.

Pali kafukufuku wina amene ndimafuna kholo lililonse litamudziwa. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anapatsa anthu masewera oyendetsa galimoto pakompyuta, pamene munthu amasankha kuima kapena kudutsa getsi lachikasu likayaka. Achinyamata akamasewera okha, ankayendetsa mosamala pafupifupi ngati akuluakulu. Anzawo awiri akangokhala pambali n'kumaonerera, ankachita zoika moyo pachiswe pafupifupi kuwirikiza kawiri, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni. Mwana yemweyo, nzeru zomwezo, chimene chasintha ndi maso a anzake basi. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira manja athu akuwomba kuseri kwa chigayo.

Tsopano za mowa weniweniwo, chifukwa apa makolo ambiri timapusitsika ndi kuchepa kwa botolo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamwa mopyola muyeso pa nthawi imodzi akamwa magalamu 60 a mowa weniweni. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti, timabotolo tija anyamata amati midoli, kali ndi magalamu oposa 60. Kamodzi kokha n'chimodzimodzi mabotolo asanu a mowa wamba. Kamalowa m'thumba la kabudula wa yunifolomu osaoneka, mtengo wake ndi ndalama ya thiransipoti, ndipo mwana amakamaliza m'mphindi khumi. Chiwindi chimatha kuchotsa mowa wokwana pafupifupi botolo limodzi la mowa wamba pa ola. Wotsalawo umangozungulira m'magazi. Kafukufuku wa makoswe amasonyezanso kuti aang'ono amatha kupitiriza kumwa chifukwa tulo ndi kudzandira siziwagwira msanga ngati akuluakulu. Mwana akaona kuti iye akadali chilili pamene ena agwa, amati ndine dolo, osadziwa kuti belu lomuchenjeza ndi limene likulira mochedwa.

Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, anzathu a ku Zambia anali ataletsa kale wawo wotchedwa tujilijili mu 2012. Inali ntchito yabwino, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, koma inu ndi ine tikudziwa kuti m'maokala ndi m'mashabini ambiri palibe amene amafunsa zaka. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa amene akugulitsayo nayenso ndi kholo. Palinso mowa wosadziwika kumene wachokera. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina lakuti "Ambuye tengeni". Mowa wotere nthawi zina umakhala ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu kapena kupha, ndipo pakamwa sungamusiyanitse.

Musanachite china chilichonse, dziwani zoyenera kuchita akadzabweranso atathima, ndipo muphunzitse aliyense wa pakhomopo. Musamugoneke chagada. Mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba mutaupinda, kuti akasanza masanzi azitulukira kunja. Musamusiye yekha kuti "agone zimuthere", chifukwa mowa umene uli m'mimba umapitiriza kulowa m'magazi iye ali mtulo. Musamuthire madzi ozizira, musamumwetse tiyi kapena khofi, musamukakamize kusanza. Ngati sakudzuka mukamugwedeza ndi kumuitana, ngati akupuma mwapatalipatali kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi, ngati thupi lazizira kapena akugwidwa ngati wakhunyu, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Manyazi a kwa aneba asakuchedwetseni.

Za kukwapula, ndikumvetsa mkwiyo wanu, koma ndikukupemphani kuti musatero. Mnyamata wa zaka 16 akakwapulidwa saphunzira kusiya mowa, amaphunzira kubisa. Ulendo wina anzake sadzabwera naye kwanu, adzakamugoneka m'nyumba yosatha kumanga kapena m'khitchini ya munthu wina, monga tinachitira ife. Mwa zonse zimene munalemba, chimene chinandipatsa mpumulo ndi chakuti anyamata awiri aja anamubweretsa kunyumba. Aitaneni. Aphikireni nsima, muwathokoze, kenako muwauze maso ndi maso kuti zikadzachitikanso akuimbireni foni nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku, ndipo simudzawatengera kupolisi kapena kwa ahedi. Mutenge manambala awo ndi a makolo awo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwina makolo awo akugonanso maso ali gwa ngati inu.

Kumudzi nako sindikuona ngati ndi mankhwala. Kachasu amatchezedwa komweko, ndipo agogo okalamba sangathe kulondola mnyamata wa msinkhu umenewo. Pokhapokha ngati kuli munthu wamphamvu amene mwanayo amamulemekeza, ndiponso sukulu yoti apitirize, kumutumiza kumudzi kumangomuuza kuti mwamutaya.

Chimene ndikuona kuti chimagwira ntchito ndi kusintha Loweruka lenilenilo. Ku Iceland mu 1998, ana 42 pa 100 alionse a zaka 15 ndi 16 ankanena kuti aledzerapo mwezi umene wangothawo. Pofika mu 2016 anatsika kufika pa 5. Sanachite zimenezi ndi maphunziro oopseza ana, amenewo anali atawayesa kale osaphula kanthu. Anaika nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba usiku, makolo anagwirizana kuti azidziwa kumene ana awo ali ndi amene ali nawo, anawonjezera nthawi yokhala ndi ana awo, ndipo boma linaika ndalama m'masewera ndi zoimbaimba kuti mwana aliyense akhale ndi chochita akaweruka kusukulu. Ife ndalama za Iceland tilibe, koma zambiri mwa zimenezi sizilira ndalama. Nthawi yofikira pakhomo ikhale yodziwika, ndipo akafika akupezeni muli maso, mumupatse moni pafupi. Ndalama imene mumamupatsa muziidziwa kumene yapita. Za njinga yamoto ija, pitani mukalankhule ndi mwini wake, chifukwa mowa ndi njinga zikakumana sipakhala ulendo wachiwiri.

Komanso musaiwale kuti njala yake ya zinthu zoopsa ndi yeniyeni, siichoka ndi ulaliki. Mnyamata ameneyu akufuna kuti anzake amuone kuti ndi mwamuna. Mufunireni bwalo lina loti aonekerepo: timu ya mpira, nkhonya, gulu loimba, kukwera phiri ndi anzake a kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale ganyu ya Loweruka kwa makaniko kumene angaphunzire kumasula injini ya njinga imene akuikondayo. Simunatchule za bambo ake. Ngati palibe, ganizirani mwamuna wina wamkulu amene mwanayo amamumvera, kaya ndi atsibweni ena, kaya mphunzitsi, kaya kochi. Pali nkhani zina zimene mnyamata amazimva bwino akamayenda ndi mwamuna mnzake panjira kusiyana ndi atakhazikidwa pampando.

Polankhula naye, sankhani tsiku limene alibe matsire ndipo inu mtima watsika. Musayambe ndi malume ake. Matenda a chiwindi kwa mwana wa zaka 16 ali kutali ngati ukalamba. Muuzeni zimene munaona ndi maso anu: mmene anamunyamulira, mmene munakhalira pambali pake usiku wonse mukumvetsera ngati akupuma. Kenako mufunseni kuti usiku umenewo unayamba bwanji, anagula ndani, iye ankamva bwanji asanayambe kumwa, ndipo mukhale chete kuti ayankhe. Mwina mudzamva zimene simunayembekezere: mtsikana amene anamukana, mayeso amene akumuopsa, kapena chisoni cha malume omwewo chimene sanachilirepo. Mumuuzenso mosapita m'mbali kuti pa msinkhu wake mowa ayi. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti amene amayamba kumwa asanakwane zaka 15 amakhala pa chiopsezo chodzakhala zidakwa kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi amene adikira mpaka zaka 20 kapena kuposerapo. Chaka chilichonse chimene mungamuchedwetse ndi phindu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi makolo amene amati bola azimwera pakhomo ndikumuona.

Mukaona kuti akumwa ngakhale mkati mwa sabata, akumwa yekha, akuba ndalama, akujomba kusukulu, kapena akulankhula zoti moyo watopetsa, musadikire. Pitani naye kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse wa zamaganizo. A chipatala cha St John of God ali ndi thandizo la anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komweko. Palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene inu kapena iye mwini akhoza kuimba.

Mnzanga uja lero ndi bambo wa ana atatu. Tinakumana pamaliro ena chaka chatha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamupepesa chifukwa cha manja amene ndinawomba usiku uja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti iye za botolo sakumbukira chilichonse. Chimene amakumbukira ndi kutsegula maso kuchipatala n'kuona mayi ake atakhala pansi pasimenti pafupi ndi bedi, chitenje chili kumaso, ndipo sanamukalipire mpaka anatuluka. Mayi, bondo la mwana wanu likamapola, muzimutsuka bala ndinu. Mudzandilemberenso kuti ndimve mmene Loweruka likubwerali lathera.