Sing'anga wa Chitchaina akuti mwana ali ndi "chinyezi ndi kutentha": akutanthauzanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Johannesburg. Mwana wawo wa zaka 6 akuvutika ndi chikanga, chomwe madokotala amati eczema, kuseri kwa mawondo ndi m'mapindiro a mikono. Usiku amakanda mpaka kutuluka timadzi. Atatopa ndi mafuta a kuchipatala anapita naye kwa sing'anga wa Chitchaina, amene anamuyang'ana lilime, kumugwira mtsempha wa padzanja, n'kunena kuti vuto ndi "chinyezi ndi kutentha" m'thupi. Mayiwa akufunsa kuti: "Nyumba yathu si yachinyezi, ndipo mwana thupi silitentha. Nanga chinyezi ndi kutenthako zili pati?"

Mayi, pepani ndi matenda a mwana. Kuchezera usiku mutagwira timanja ta mwana kuti asadzikande n'kowawa, ndipo palibe angakudzudzuleni chifukwa chofunafuna thandizo kwina.

Chinyezi chimene akunenacho si cha pakhoma la nyumba. Asing'anga a ku China amati pali zinthu 6 zimene zikachuluka zimadwalitsa munthu: mphepo, kuzizira, kutentha kwa m'chilimwe, chinyezi, kuuma ndi moto. Mayinawa anawatenga ku nyengo, koma akamaona wodwala amawagwiritsa ntchito pofotokoza khalidwe la nthenda. Chotupa chofiira, chonyereza ngati wapsa, amati kutentha. Chotuluka timadzi, chomata, chokakamira miyezi osachoka, makamaka m'miyendo ndi m'mapindiro, amati chinyezi, pakuti chinyezi n'cholemera, chimatsikira pansi ndipo sichiuma msanga. Ndiye onani mwana wanu: khungu lofiira, lonyowa, losamva mankhwala. Sing'angayo wangotchula zimene maso ake aona. Ngakhale dzina la eczema m'Chitchaina, shizhen, limatanthauza zidzolo za chinyezi.

Mphepo ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Ziwengo zija zimatuluka pamsana m'mawa, masana zasowa, madzulo zatulukira pantchafu, iwo amati ndi mphepo, chifukwa mphepo siikhala malo amodzi. Kuyabwa konse kosamukasamuka amakuika m'gulu limeneli. Ziphuphu za kumaso amati ndi kutentha kwa m'mapapo ndi m'mimba kumene kwakwera kumtunda. Psoriasis, nthenda ya mamba oyera, amati imayamba ndi kutentha kwa magazi, ndipo ikakhalitsa magaziwo amauma kapena kuima.

Nanga mapapo akukhudzana bwanji ndi khungu? Buku lawo lakale, Huangdi Neijing, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, limati mapapo ndiwo amalamulira khungu ndi cheya cha pathupi. Pamenepa ndimawavulira chipewa, chifukwa madokotala a lero nawonso amaona kuti mwana wa chikanga nthawi zambiri amadzakhalanso ndi mphumu. Chinyezi chija amati chimachokera ku kapamba wofooka, koma kapamba wawo si chiwalo chenicheni chimene dokotala angachione pojambula. Ndi dzina la ntchito yonse yogaya chakudya. N'chifukwa chake mwina anakuuzani kuti mwana asiye zokazinga, zotsekemera, tsabola, nkhanu ndi nyama ya nkhosa, zakudya zimene amazitcha fawu, zodzutsa matenda. Apa samalani. Mwana wa zaka 6 akukula, musamumane zakudya zambiri nthawi imodzi popanda kufunsa dokotala.

Asing'anga akale a ku China ankayang'anitsitsa zedi. M'chaka cha 610 sing'anga wa kunyumba ya mfumu, Chao Yuanfang, analemba kuti m'zilonda za mphere mumakhala tizilombo tating'ono timene munthu angatitole ndi nsonga ya singano. Analembanso kuti anthu ena akangoyandikira utomoni wa mtengo wa lacquer, umene amapaka pa zinthu kuti ziwale, amatupa, pamene ena amaugwira tsiku lonse osamva kanthu, ndipo anati kusiyanako n'kwachibadwa. Zonse ziwirizi n'zoona mpaka lero.

Koma ndikuuzeni maganizo anga mosabisa. Mawu akuti chinyezi ndi kutentha amafotokoza bwino maonekedwe a nthenda, koma gwero lake satiuza. Palibe magazi amene angapimidwe n'kupezekamo chinyezi. Chimene chikudziwika lero n'chakuti khungu la mwana wa chikanga silisunga madzi bwino, limakhala ngati denga la udzu lothetheka: madzi amatuluka, fumbi ndi sopo zimalowa, thupi n'kuyamba kulimbana nazo. Zimayenda m'magazi a kubanja. Mu 2006 akatswiri a ku Dundee, ku Scotland, anasonyeza kuti ambiri mwa odwalawa ali ndi vuto pa chopangira khungu chotchedwa filaggrin. Ndiye mphepo youma ya ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July imangowonjezera moto.

Sindinyoza zitsamba za ku China. Mankhwala a LA amene timamwa tikadwala malungo anachokera ku chitsamba chawo cha qinghao, ndipo katswiri wa ku China, Tu Youyou, analandira mphotho ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Koma qinghao anayesedwa, n'kupezeka kuti amachizadi. Pa chikanga zinthu sizinafike pamenepo. Kafukufuku wa ku London mu 1992 anaonetsa kuti zitsamba zina zowiritsa zinathandiza ana, koma atayesanso ku Hong Kong sanapeze phindu.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kabotolo kopanda dzina. Mu 1999 madokotala a pa King's College Hospital ku London anapima mitundu 11 ya mafuta odzola imene odwala anapatsidwa ngati zitsamba za Chitchaina. Mitundu 8 inali ndi dexamethasone, mankhwala amphamvu a kuchipatala a m'gulu la steroid, ndipo makolo ankapaka ana kumaso osadziwa. Chaka chomwecho dziko la Britain linaletsa chitsamba cha Aristolochia, impso za amayi awiri zitasiya kugwira ntchito chifukwa chomwa zitsamba za chikanga. Chitsamba china chimene amachikonda pa kuyabwa, baixianpi, chinavulazapo chiwindi cha anthu ena.

Choncho mayi, ngati mukufuna kupitiriza ndi sing'angayo, mupempheni akulembereni dzina la chitsamba chilichonse, pepalalo mukamuonetse dokotala wa mwana. Ku South Africa asing'anga a mankhwala a Chitchaina amayenera kulembetsa ku bungwe la Allied Health Professions Council, ndiye mufunseni nambala yake. Akakupatsani mafuta opanda chizindikiro amene akupoletsa khungu masiku awiri okha, akayikireni. Musasiye kumudzoza mwana mafuta opanda fungo, ngakhale Vaseline, akangotuluka m'bafa khungu lisanaume, ndipo muzimuwenga zikhadabo.

Yang'ananinso pakati pa zala zake ndi za ena onse m'nyumbamo. Ngati ena akukandanso usiku, ikhoza kukhala mphere, ndipo imeneyo imafuna mankhwala opha tizilombo, banja lonse nthawi imodzi, zofunda n'kuchapidwa. Mukaona nkhanambo zachikasu, mafinya, timatuza tambiri towawa, kapena thupi litatenthadi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.