Kompyuta imawerenga mawu, koma wachipongwe amabisala m'mawu abwino

Achimwene, mwafunsa ngati sentiment analysis, njira imene kompyuta imayezera ngati mawu olembedwa ndi okoma kapena owawa, ingathe kutola zimene osewera magemu a pa intaneti ku China amalemberana, n'kukuuzani kuti uyu ndi wachipongwe, uyu ayi. Ingathe pang'ono, koma mukaisiya yokha ikunamizani. Ndinakhalapo miyezi ingapo ndikusanthula ndemanga zoterezi, ndipo zimene ndinaona n'zimene ndikuuzeni.

Poyamba pulogalamu iyenera kudula chiganizo, chifukwa Chitchaina chimalembedwa mosasiya mipata pakati pa mawu. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa jieba podula, kenako pulogalamu ina monga SnowNLP kapena BERT, imene Google inatulutsa mu 2018, kuti iyeze ngati mawuwo ndi okoma kapena owawa. SnowNLP musaidalire pa nkhaniyi. Inaphunzira kwambiri pa ndemanga za anthu ogula katundu, choncho imadziwa kudandaula kwa munthu amene wagula foni yowonongeka, osati chilankhulo cha mnyamata amene wangogonja pa gemu ya Honor of Kings pakati pa usiku.

Taonani mawu akuti cai. M'dikishonale ndi ndiwo zamasamba. Pakati pa osewera, kuuza mnzako kuti ndi cai n'kumunena kuti ndi mbuli, sadziwa kusewera. Xiaoxuesheng ndi mwana wa ku pulayimale, mawu osalakwa konse, koma akagwera munthu wamkulu amene wasewera molakwika ndi chitonzo chopweteka. Hehe amaoneka ngati kuseka, chonsecho achinyamata ambiri amalemba zimenezi ponyoza. Ngakhale kankhope komwetulira ka pa WeChat (pulogalamu yotumizirana mauthenga ku China), kamene makolo awo amatumiza ndi mtima umodzi, kwa ana awo kamatanthauza "ndatopa nawe". Ndimakumbukira ndemanga ina imene pulogalamu yanga inaipatsa mapointi okwera ngati yoyamikira. Inali ndi 666, nambala yotamandira luso, ndi kankhope komwetulira pambali. Nditawerenga zimene zinali pamwamba pake ndinapeza kuti anthu angapo anazungulira mtsikana wina amene anachititsa kuti timu yake igonje, akumuombera m'manja momunyoza. Atchaina ali ndi dzina la kalankhulidwe kameneka, yinyang guaiqi. Ifenso timakadziwa: pamene mayi anena kuti "wachita bwino" mwana atagwetsa mbale, palibe amene amayesa kuti akuyamikira.

Palinso kuzemba dala. Makampani amatsekereza mawu otukwana, ndiye osewera amalemba zilembo zoyamba zokha, monga nmsl, chitukwano chonena za mayi wa munthu, kapena amasankha mawu ena omveka mofanana. Chizolowezichi chinakula mpaka chinapeza dzina, Zu'an, kuchokera ku seva ina ya gemu ya League of Legends ku China imene inatchuka ndi kutukwana, ndipo mu 2020 manyuzipepala a boma anachidzudzula poyera. Mndandanda wa mawu oipa umene mungapange lero ukhala utatha ntchito pakapita miyezi yochepa.

Koma chimene chimandivutitsa mtima kwambiri ndi mbali inayo. Kukwiya si chipongwe. Mu Januwale 2023 maseva a gemu ya World of Warcraft anatsekedwa ku China mgwirizano wa Blizzard, kampani yopanga gemuyi, ndi NetEase, imene inkaiyendetsa ku China, utatha. Anthu amene anasewera zaka zoposa khumi analemba mawu achisoni ndi aukali, ena akutsanzikana ndi anzawo amene sanaonanepo nawo maso ndi maso. Pulogalamu ingaike zonsezi m'dengu limodzi ndi zolemba za penzi, anthu ongolavula mwano kwa aliyense, ndi za gangjing, amene amatsutsa chilichonse kuti mkangano usathe. Kutero n'kulakwira anthu. Wodandaula kuti kampani yamudyera ndalama zake akunena zoona zake, ndipo ayenera kumvedwa. Mukamuwerengera pamodzi ndi ozunza anzawo, mwapatsa kampaniyo chifukwa chomutsekera pakamwa.

Ndiye mukafuna kuichita bwino ntchitoyi, siyani kufunsa ngati mawu ndi okoma kapena owawa. Funsani kuti akulunjika kwa ndani: kwa gemu, kwa kampani, kwa munthu mmodzi, kapena kwa gulu lonse monga akazi kapena anthu a chigawo china. Musayeze chiganizo chokha, tengani ndi zimene zanenedwa pamwamba pake. Yambani ndi nkhokwe za ndemanga zimene anthu anazisankhula kale pamanja: COLD, ya ofufuza a ku yunivesite ya Tsinghua ya mu 2022, ndi ToxiCN ya ku Dalian University of Technology ya mu 2023, imene inatola zolemba za pa masamba okambiranapo a pa intaneti a Zhihu ndi Baidu Tieba. Dziwani kuti zonse ziwiri zimayang'ana kwambiri tsankho la mtundu, chigawo ndi jenda, osati magemu, ndiye mudzafunikabe kusankhula nokha ndemanga za osewera.

Apa mpamene pagona ntchito yeniyeni. Pezani anthu awiri kapena atatu olankhula Chitchaina amene amaseweradi gemu imene mukufufuzayo, aliyense awerenge payekha, kenako muone pamene asiyana maganizo. Ndemanga zimene iwo akukanganirana muziike padera ndi kuziwerenga limodzi nawo musanazipereke kwa kompyuta.