Ulendo wa pa njinga wopita ku Kulamba, mphepo ikuwomba kumaso

Owerenga wina wa ku Chongwe wanditumizira imelo. Akuti iye ndi mnzake akufuna kupalasa njinga kuchoka ku Lusaka mpaka ku Mkaika, ku Katete, kukaonera mwambo wa Achewa wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Funso lake ndi ili: "Anthu akutiopseza kuti mphepo ikatibweza panjira. Kodi ndi zoona, nanga tikonzeke bwanji?"

Achimwene, akukuopsezaniwo sakunama. Mwasankha mwezi wa mphepo, komanso mukulowera kumene ikuchokera. Mvula ikatha, mphepo ya kuno imawomba kuchokera kum'mawa chakum'mwera, ndipo imakula mu Ogasiti ndi Seputembala. Msewu wa Great East umaloza kum'mawa, ndiye pa makilomita pafupifupi 500 a ulendo wanu, nthawi zambiri idzakhala kumaso kapena paphewa lanu lamanja.

Ambiri amaganiza kuti ofunika ndi miyendo yolimba basi. Taonani masamu ake. Kunja kukakhala bata, inu mukuthamanga makilomita 15 pa ola, mpweya umene mukukankha ndi wa liwiro lomwelo. Ikabwera mphepo ya makilomita 15 pa ola kumaso, mukulimbana ndi 30, ndipo kukankha kwake sikuwirikiza kawiri ayi, koma kanayi. N'chifukwa chake munthu wouma mutu, wofuna kusunga liwiro la masiku onse, amafika masana mawondo atatha.

Mphepo muigonjetse ndi wotchi. Usiku imagona, m'mawa kumakhala bata, ndipo imayamba kudzuka dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko. Katundu mangani madzulo, kuti kukangocha bwino mukhale muli pachishalo. Maola atatu oyambawo ndiwo chuma chanu, musawawononge ndi kudikira tiyi. Koma musanyamuke kuli mdima, msewu umenewu ndi wa malole. Ngati tsiku labwino mumakwanitsa makilomita 100, werengerani 60 kapena 70, ndipo muike tsiku limodzi lapadera lopumula.

Za giya: ngati njinga ili ndi magiya, tsitsani, miyendo izizungulira mopepuka ngakhale mukuoneka ngati simukuyenda. Ngati ndi Buffalo kapena njinga ina ya giya imodzi, pitani kwa okonza njinga akuikireni sipuroketi ya kumbuyo ya mano ambiri. Potsetsereka mudzalisowa liwiro, koma pa mapiri a pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa, ndi chikweza chopita ku Kacholola, mudzandithokoza.

Katundu ndiye nkhani. Onani anyamata obweretsa makala ku Chipata, matumba ataunjikidwa kupitirira mutu: mphepo ikakula amatsika n'kumakankha, osati chifukwa cha kulemera kokha, koma chifukwa mulu uja wasanduka thanga la bwato. Inu gawani katundu m'zikwama ziwiri, zilendewere m'mbali mwa kaliyala, zolemera zikhale pansi. Chikwama cha kumsana chisiyeni. Jekete lotukumuka livuleni, pindani zigongono, weramani pang'ono.

Tsopano chimene ndimaopa ine kuposa kutopa. Mukuyenda kumanzere kwa msewu, mphepo ikukukankhirani kutchire, ndiye thupi lapendekera kumanja osadziwa n'komwe. Lole ikamakupitirirani imatchinga mphepo ija mwadzidzidzi, ndipo njinga imagwera mbali yomwe munatsamira, kumatayala a lole. Ikangodutsa, mphepo imakumenyaninso. Mukamva injini kumbuyo gwirani handulo ndi manja onse, siyani malo okwanira, ndipo pamene msewu wapanikiza ingotsikani m'mbali muime. Kuchokera pa mlatho wa Luangwa kupita kum'mawa msewu unakonzedwa ndipo uli ndi malo m'mphepete, koma m'mapiri a mbali ya ku Lusaka muli makona opanda chifundo. Zogwirira lole pachikweza, monga amachitira ana ena, musayese.

Popeza muli awiri, muzisinthana kutsogolo mphindi zingapo zilizonse, wakumbuyo akhale pafupi ndi tayala la mnzake kuti abisale. Wotsogola azinena akaona dzenje, chifukwa wakumbuyo saona kanthu.

Mphepo ya Ogasiti ndi youma, imauma thukuta musanalione, ndiye mumangozindikira mutu ukuwawa. Imwani musanamve ludzu, ndipo dzazani mabotolo pa mjigo uliwonse, makamaka kufupi ndi Luangwa kumene kumatentha ndipo midzi ndi yotalikirana. Nthochi, mbatata yophika ndi nsawa zikhale m'thumba lapafupi. Magalasi ndi kansalu kapamphuno musaiwale, imeneyi ndi nyengo ya fumbi ndi utsi wa lupsa. Mukaona kamvuluvulu akuwoloka msewu, imani adutse.

Mukandifunsa maganizo anga enieni, ulendowu utembenuzeni. Kwezani njinga pa basi mpaka ku Katete, mukaone mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, muli ndi mphamvu zoimirira tsiku lonse, kenako mupalase pobwerera kudzera ku Sinda, Petauke ndi Nyimba mphepo ili kumsana. Kambiranani ndi kondakitala mtengo wa njinga musanagule tikiti, ndipo muchotse mapedulo kuti ilowe bwino m'buti.